Abambo a shuga amene tinawamwetsa mankhwala a ma ulcer chaka chathunthu

Iyi ndikulembera anzanga amene mumakhala pa kiliniki ya NCD (matenda osapatsirana monga shuga ndi BP) m'zipatala za m'maboma, kumene mzere umafika mpaka panja ndipo munthu aliyense umamuona mphindi zisanu basi wina walowa kale. Ndine clinical officer, ndipo nkhani yake ndi ya gastroparesis, chifu chochedwa kutulutsa chakudya, mwa abambo ena odwala shuga. Zambiri zomwe zinalakwika pa nkhaniyi ndi dzanja langa lomwe linalemba m'buku mwawo, ndiye musaganize kuti pali amene ndikumunena.

Abambowa ali ndi zaka 54, ndi atelala, amasoka pa khonde la golosale ina pa trading centre. Shuga anawapeza naye zaka 14 zapitazo, type 2. Anayamba ndi metformin, kenako tinaonjezera glibenclamide, ndipo zaka zitatu zapitazo tinachotsa glibenclamide uja n'kuwaika pa insulin, soluble (wogwira msanga) ndi lente (wogwira nthawi yaitali) m'mawa ndi madzulo, metformin akumwabe 1 g kawiri pa tsiku. Mapazi anayamba kalekale kuwatentha usiku ngati aponda makala, ndiye anali pa amitriptyline amene tinayamba ndi 25 mg koma pang'onopang'ono tinakafika pa 75 mg chifukwa ulendo uliwonse ankati sizikusintha. HIV alibe, fodya sasuta, mowa anasiya tsiku lomwe anawauza za shuga.

Dandaulo loyamba la m'mimba ndinachita kulifufuza m'mbuyo m'buku, ndipo tinalemba mawu atatu okha, PUD (zilonda za m'mimba), omeprazole, review. Koma ndikukumbuka bwino zomwe ananena tsiku limenelo chifukwa anazibwerezanso maulendo ambiri pambuyo pake. Sananene kuti m'mimba mukupweteka ayi. Anati, "Adokotala, ndikangodya mbamu zitatu zinayi ndakhuta, nsima ija imangoima apa," akuloza pansi pa chifuwa. Anatinso akugeya kwambiri, mimba ikufufuma madzulo mpaka amamasula lamba, ndi kamseru kosatha. Ife tikangomva munthu akuloza pamenepo dzanja limalemba lokha omeprazole, sitimaganizanso. Atabweranso osasintha tinawapatsa triple therapy, mankhwala atatu olimbana ndi kachilombo ka H. pylori koyambitsa zilonda, osayeza n'komwe ngati ali nako, patapita miyezi inayi anapatsidwanso kachiwiri, pakati apo magnesium trisilicate, ndipo tsiku lina atanena kuti mukumapotokola ndinawalembera Buscopan. Zomwe sindinadziwe n'zoti mwana wawo ankawaguliranso tramadol ku famase chifukwa cha mapazi aja, sindinafunse ndipo iwo sanaone chifukwa chonenera.

Nthawi yomweyi shuga anasokonekeratu. Wa m'mawa asanadye ankabwera 280, 310, pena 340 mg/dL. Ine yankho langa linali lomwe lija, kukweza jakisoni wa madzulo ndi mayuniti awiri, soluble ndi lente yemwe, kenako kuwakalipira pang'ono kuti bambo mukudya chani usiku, nenani zoona. Zimandichititsa manyazi pano chifukwa pa anthu onse a pa kiliniki pathu awa ndiye anali omvera kuposa onse. Nsima ya mgaiwa tsiku ndi tsiku, nyemba, masamba odzadza mbale, kabichi, tiyi wopanda shuga, zonse zomwe timaphunzitsa pa health talk ya m'mawa. Chomwe sankandiuza n'choti akabaya madzulo n'kudya, pakatha ola limodzi kapena awiri ankayamba thukuta ndi kunjenjemera, mayi akunyumba n'kuwathamangira ndi Fanta. Ankaopa kuti akanena za Fanta ndiwakalipiranso.

Zinaululika usiku wina atawabweretsa atakomoka, shuga ali 46. Anawapatsa dextrose 50%, anadzuka, anawagoneka mu wodi. M'mawa mwake cha m'ma 6 anasanza, ndipo ine pofika pa round ndinapeza akazi awo asunga beseni pansi pa bedi dala, akana kuti aliyense akataye. Anati, "Adokotala, taonani kaye musanalembe. Izi ndi nyemba ndi mpiru zomwe ndinaphika dzulo madzulo, abambowa chidyere nthawi imeneyo sanalawenso kanthu, nanga zikutuluka bwanji ngati angomeza kumene?" Ndinayang'anadi. Makoko a nyemba athunthu, timasamba ta mpiru tooneka bwinobwino, tizibuma ta nsima, kununkha kowawasa, magazi mulibe, ndulu mulibe. Maola pafupifupi 12 chidyere. Mayiwa anati si koyamba, zimachitika mwina kawiri pa sabata, ndipo akasanza choncho abambo amapepukidwa tsiku lonse. Chifu cha munthu wabwinobwino pofika maola anayi chimakhala chatulutsa pafupifupi zonse, chotsala sichipitirira 10%. Funso loti mumasanza chakudya cha nthawi yanji sindinawafunsepo chaka chonse chija.

Tsiku limenelo ndiye ndinawayeza ngati munthu woti ndikumuona koyamba. Ndinaika stethoscope pa chifu n'kuwagwedeza m'chiuno, phokoso lake ngati chigubu cha madzi chosadzaza, khuvukhuvu, ndipo apo n'kuti asanza kale ndipo sanamwe kanthu. Chotupa sindinachimve. BP atagona 138/86, ataima mphindi zitatu 108/70 ndi chizungulire, chomwe anati chimawachitika akamadzuka pa makina. Mtima 104 ali phee pa bedi, ndipo olo apume mozama sunkasintha liwiro. Monofilament, kaulusi koyezera ngati mapazi akumva, sanaimve mapazi onse awiri mpaka mu akakolo. Mkodzo protein 1+, ma ketone (zinthu zomwe thupi limapanga insulin ikachepa) mulibe, creatinine ali bwino, Hb 12. Mayi atatuluka ndinafunsa za kuchipinda, anangoweramitsa mutu n'kuti zinatha zaka ziwiri zapitazo. Anatinso akamadya amatuluka thukuta kumaso ndi m'khosi olo kukuzizira. Sikelo 59 kg, pomwe chaka chapitacho m'buku momwemo munalembedwa 68, ndipo manambala onse apakati analimo, akutsika mwezi ndi mwezi, palibe anawaika pamodzi. HbA1c, yomwe imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayo, inatuluka yokwera kwambiri, 11.6%.

Apa chithunzi chinali choonekeratu cha autonomic neuropathy, kuonongeka kwa mitsempha yoyendetsa ziwalo zam'kati monga mtima ndi chifu, ndipo gastroparesis inali pamwamba pa mndandanda wanga. Koma munthu wa zaka 54 amene akusanza ndipo wataya makilo 9 simungomutcha gastroparesis n'kumutumiza kunyumba. Tanthauzo lake lenileni ndi chifu chochedwa kutulutsa chakudya popanda chotchinga, ndiye chotchingacho uyenera utsimikize kaye kuti palibe, kaya ndi chilonda chomwe chapanga chipsera pa pylorus (khomo lotulukira chakudya m'chifu) kaya khansa ya chifu, ndipo kuno kwathu khansa ya kum'mero tonse tikudziwa mmene ilili yochuluka ngakhale awa kumeza ankameza bwino. Ndinalemba refelo ya endoscopy (kuona m'chifu ndi kamera) ku chipatala chachikulu. Ulendo woyamba, atagona ndi njala usiku wonse, anapezabe chakudya chambiri m'chifu moti sanaone bwino. Anawauza akhale tsiku lathunthu pa zamadzimadzi zokha n'kubweranso, ndipo ulendo wachiwiriwo zinaoneka zonse, chilonda palibe, chotupa palibe, pylorus yotseguka. Kuyeza kwenikweni kwa matendawa ndi scintigraphy ya maola anayi, munthu amadya mazira osakaniza ndi technetium n'kumajambulidwa, ndipo chakudya chikatsala choposa 60% pa maola awiri kapena choposa 10% pa maola anayi ndiye kuti chifu chachedwa. Ife zimenezo tilibe. Kupeza chakudya pa endoscopy pakokha si umboni wokwanira, makamaka munthu ali pa mankhwala ochedwetsa chifu ngati awa, koma kuphatikiza ndi zonse zija tinagwirizana kuti tiwathandize ngati gastroparesis.

Ndiime kaye pa mmene zimachitikira chifukwa ndi pomwe ine ndinali nditaphonya. Kusukulu tinaphunzira mbali imodzi, yoti shuga akakhala wokwera zaka zambiri amaononga mtsempha wa vagus woyendetsa chifu, amachepetsa timaselo ta Cajal tomwe timapatsa chifu kugunda kwake kwa katatu pa mphindi, komanso mitsempha yotulutsa nitric oxide yomwe imamasula pylorus. Dzina loti gastroparesis diabeticorum analipereka Kassander mu 1958, si matenda atsopano. Mbali imeneyo ikaonongeka kubwerera kumavuta. Koma pali mbali yachiwiri ya tsiku lomwelo, yomwe sitimaikamba. Shuga akakwera lero, chifu chimachedwa lero lomwe, olo mwa munthu woti alibe matenda a shuga. Ofufuza anaonetsa kuti kungochoka pa 72 kufika pa 144 mg/dL, omwe ndi manambala a munthu wamba akadya, chifu chimayamba kale kuchedwa, ndiye ganizirani pa 300. Kumunsi kwa chifu kumene kumapera chakudya kumafooka, pylorus imafinyika, kumtunda kumalendewera, kugunda kuja kumasokonekera. Kuonjezera apo shuga wokwera amakulitsa mmene munthu akumvera za m'mimba mwake, chakudya chomwecho chomwe pa shuga wabwino sangachimve, pa shuga wokwera amamva kukhuta, kufufuma ndi mseru. N'chifukwa chake kukula kwa madandaulo sikuyenderana kwenikweni ndi kuchedwa kwa chifu, wina chifu chochedwa kwambiri osadandaula, wina chochedwa pang'ono koma akuvutika zedi. Shuga akatsika kwambiri zimatembenuka, chifu chimathamanga.

Ndiye onani zomwe zinkawachitikira abambowa. Abaya soluble mphindi 30 asanadye monga tinawaphunzitsira. Soluble akufika pachimake pa maola awiri mpaka anayi, chakudya chikadali m'chifu sichinafike m'matumbo momwe chimayamwidwa, shuga wagwa. Amwa Fanta, yomwe imadutsa msanga poti ndi yamadzi. Pakati pa usiku soluble watha mphamvu, nsima ija ndiye ikuyamba kutsika, shuga wakwera, ndipo shuga wokwerayo akuchedwetsanso chomwe chatsala. M'mawa abwera kwa ine ndi 320, ine ndikweza jakisoni. Mu wodi tinawayeza maola angapo aliwonse kwa masiku awiri ndipo zinaoneka ndendende, asanadye madzulo 176, maola awiri atadya 71, pakati pa usiku 150, cha m'ma 4 m'bandakucha 290.

Choyamba chomwe tinachita sichinali kuonjezera mankhwala koma kuchotsa. Buscopan tinasiya tsiku lomwelo, ndi anticholinergic, amagoneka chifu chomwe chagona kale. Tramadol tinatsitsa pang'onopang'ono mpaka kusiya, ma opioid onse amachedwetsa chifu. Amitriptyline nayenso ndi anticholinergic ndipo amaonjezera kugwa kwa BP poima, koma apa panali povuta chifukwa mapazi akuwatenthadi, ndiye tinatsitsa kuchoka 75 kufika 50 kenako 25 pa masabata angapo, ndipo ndinawauza poyera kuti mapazi mwina awawa kuposa kale. Metformin tinaimitsa kaye poti payekha amabweretsa mseru ndi kufufuma ndipo ndinkafuna ndione chomwe chitsale. Omeprazole tinasiyanso pambuyo pa endoscopy. Inu amene muli m'tauni kumene anthu ayamba kubaya semaglutide ndi anzake, dziwani kuti amenewonso amachedwetsa chifu, funsani.

Insulin tinasintha nthawi yake. Lente tinamusiya mmene analili, soluble tinachepetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndipo tinati azibaya atatha kudya, ataona kuti adya zochuluka bwanji ndipo zakhazikika. Tinawauzanso kuti shuga akagwa amwe madzi osungunulamo masupuni atatu a shuga, osati kudya buledi kapena nthochi, chifukwa zolimbazo zikakhala pa mzere kumbuyo kwa nsima ija.

Pa chakudya ndi pomwe tinakangana ndi anzanga. Nditanena kuti asiye kaye mgaiwa, asisitala a pa kiliniki anandiyang'ana ngati ndapenga, munthu wa shuga ufa woyera eti? Ndipo sanalakwe kufunsa, chifukwa kwa odwala shuga ambiri malangizo a mgaiwa ndi masamba ndi abwino. Koma pylorus imadutsitsa tizidutswa tosapitirira mamilimita awiri, ndipo gaga, makoko a nyemba ndi ulusi wa masamba zimadikira mafunde amphamvu omwe chifu chimapanga munthu akakhala ndi njala, omwe mwa anthu awa ndi ofooka kapena kulibiretu. Zikaunjikana zimatha kupanga chibuma cholimba chomwe timati bezoar. Mafuta nawo amachedwetsa chifu. Zamadzimadzi ndi zofewa ndiye zimadutsa bwino olo matendawa atakula. Ndiye ndinakhala pansi ndi mayi aja poti ophika ndi iwo, tinagwirizana kuti abambo azidya kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku pang'onopang'ono, phala lopanda shuga, kansima kofewa theka la mtanda, nyemba zikhale chipere zochotsa makoko, masamba ophika mpaka afeweretu kenako kuwasinja, mazira owiritsa, nsomba yophika osati yokazinga, nsinjiro pang'ono chabe. Chimanga chootcha, mtedza wokazinga, kabichi wosaphika, malalanje ndi mango aulusi ayi. Chakudya chokulirapo chikhale masana osati usiku, akadya asagone maola awiri, ndipo masana asabwerere pa makina nthawi yomweyo kukawerama, ayende kaye mpaka pa msika n'kubwerera. Mayiwo anangoti, "Ndiye kuti ndiziwaphikira ngati mwana wosiya bere," ndinati eya, ndi zomwezo.

Metoclopramide ndinawapatsa 10 mg katatu, mphindi 30 asanadye. Mankhwalawa timawalemba ngati panado koma ku America anaika chenjezo lalikulu mu 2009 loti asapitirire masabata 12 chifukwa cha tardive dyskinesia (kugwedezeka kwa nkhope ndi lilime munthu asakufuna), ndipo ku Ulaya mu 2013 anachepetsa mpaka masiku asanu, osaposa 30 mg pa tsiku. Ine ndinati masabata awiri tionane. Anabwera akusangalala, kusanza kwachepa, ndiye ndinaonjezera masabata ena awiri, ndipo apa ndinalakwanso. Sabata yachitatu mayi anabwera okha kudzandiuza kuti abambo sakutha kukhala pa makina, miyendo ikungofuna kuyenda, usiku akuzungulira nyumba, anthu ayamba kunena kuti mwina mutu. Inali akathisia. Tinasiya ndipo zinatha pa masiku ochepa. Domperidone amapezeka m'mafamase ena koma ali ndi nkhani ya QT, yosokoneza kugunda kwa mtima, ndipo munthu ali kale pa amitriptyline sindinafune popanda ECG yoonaona.

Miyezi itatu zinayenda bwino ndithu popanda mankhwala a chifu aliwonse, metformin tinabwezera 500 mg pakati pa chakudya ndipo anamulandira. Kenako kunagwa maliro kumudzi kwawo, anakhalako masiku asanu. Chakudya cha pa maliro mukuchidziwa, nsima yolimba ndi nyemba ndi kabichi, tsiku loyamba anadya n'kusanza, ndiye anaganiza kuti poti sindikudya jakisoni ndi wa chani, anasiya zonse, lente yemwe. Anabwera ali wefuwefu, shuga 480, ma ketone 2+, akusanza olo madzi, chigubu chija chabwerera. Apa chenjerani anzanga, munthu wodziwika kuti ali ndi gastroparesis akabwera akusanza n'zosavuta kungoti ndi chifu chake chija n'kumubaya metoclopramide, pomwe DKA (shuga wokwera ndi ma ketone mpaka magazi kuchita asidi) payokha imaimitsa chifu ndi kusanzitsa. Yezani ma ketone nthawi zonse. Tinawaika pa dilipi ya normal saline, soluble, potassium tikuyang'anira, tinafufuza malungo ndi matenda ena osapeza kanthu. Ndinali nditalemba kale erythromycin woti tiyambe kusanza kukapitirira, poti amakankha chifu kudzera pa motilin (homoni yoyendetsa chifu) ngakhale mphamvu yake imatha pakapita masabata ochepa, ndipo shuga akakhala wokwera sagwiranso bwino. Sitinafike pomupereka. Pasanathe masiku awiri shuga atatsika pansi pa 200 ndi ma ketone atatha, mseru unatha wokha, anamwa phala n'kukhazikika, ndipo nditawagwedezanso m'mawa asanadye kunali zii. Mitsempha yawo sinachire pa masiku awiri, chomwe chinasintha ndi shuga basi. Cholakwa changa apa chinali choti ndinawaphunzitsa zambiri za chakudya koma sindinawauze za masiku odwala, zoti lente sasiyidwa olo usakudya, ndipo ukasanza tsiku lathunthu bwera usadikire. Pano ndimalemba zimenezi m'Chichewa pa tsamba lomaliza la buku la aliyense amene ali pa insulin.

Pano patha miyezi 10 chichokere pa beseni lija. Sikelo ili pa 63 kg, HbA1c yomaliza 8.7%, ndipo sindikuthamangira kuitsitsa kwambiri chifukwa munthu wa autonomic neuropathy zizindikiro za shuga wotsika zimayamba kuzimiririka, angadzakomoke osamva thukuta. Sanagonekedwenso chifukwa cha shuga wotsika. Amasanzabe mwina kamodzi kapena kawiri pa mwezi, ndipo metoclopramide ali naye wa 5 mg woti amwe tsiku loipa lokha, osapitirira masiku awiri. Kukhuta msanga kulipobe. BP ikugwabe akaima. Mapazi akuwatentha kuposa kale monga ndinawauzira, gabapentin amagula mwezi womwe kwasokedwa mayunifolomu ambiri, miyezi ina amangopirira. Ku maso anawapeza ndi retinopathy (kuonongeka kwa maso chifukwa cha shuga) ndipo ali ndi deti yobwereranso mwezi wamawa.

Mwana wawo uja anawagulira kamakina koyezera shuga, ma strip ndi odula ndiye amayeza masiku awiri okha pa sabata koma kanayi pa tsikulo. Ulendo wathawu anabwera ndi kope lomwe amalembamo miyezo ya makasitomala, manambala a shuga ali m'mphepete mwa tsamba pafupi ndi chiuno 34 ndi mwendo 41, ndipo masiku omwe mimba inafufuma anawazunguliza ndi choko chofiira chosokera. Anandionetsa okha kuti masiku onse ozungulizidwawo shuga wa masana anali pamwamba pa 250, kupatula limodzi lomwe anavomera kuti anadya chimanga chootcha pa siteji.